Za msika wa pa Songwe, ndifunseni ine

Ndamva ena akunena kuti pa boda ya Songwe pamangidwe msika umodzi wa ife Amalawi ndi a ku Tanzania, pakhalenso bwalo la magule. Msika pabodapo? Mangani achimwene, koma muyambe ndi denga, chimbudzi ndi magetsi. Bwalo la magule mukunenalo lidikire kaye. Anthu kumeneko anasakanikirana kalekale. Ankhonde a ku Karonga ndi Anyakyusa a ku Kyela ku Tanzania amamvana popanda womasulira, amakwatirana, maliro amalira limodzi. Ngakhale pompano pa Mzuzu, lowani mu Taifa Market mukamve Chiswahili ndi Chitumbuka zikuitanira malonda.

Ine chaka chatha nthawi ya dzinja ndinachoka ku Kyela ndi mabelo awiri a zitenje, ndalama yake ngongole ya banki m'khonde. Wotchi yanga inali pa nthawi ya kwathu, osakumbukira kuti anzathuwa ali patsogolo ndi ola limodzi. Kufika pa Kasumulu, boda ya mbali ya ku Tanzania, ogwira ntchito aweruka. Mvula iyo! Pobisala palibe, pokodza palibe, mzimayi ndekha ndi katundu. Kenako kamnyamata kena, kaulemu ngati mwana wa m'busa, "Mama, mama, tikuwolotsani pa bwato, si patali." Tinayenda mumdima m'minda ya mpunga, matope m'mawondo, patapata mmodzi anatsala momwemo. Mtsinje wadzaza, ukuchita kulira. Akuti bwato silinganyamule zonse, belo limodzi litsogole. Ine chitsiru ndinavomera. Kufika tsidya lino, belo kulibe, kamnyamata kulibe, wopalasayo akuti sakadziwa n'komwe. Ndinakuwa mpaka mawu kutha, agalu okha ndiwo ankandiyankha. Ndinagona pakhonde la golosale nditafunda zitenje zogulitsa zomwezo. Iwe mnyamata, kulikonse uliko, ngongole ija ndinaibweza ndi mbuzi za amayi anga, Mulungu akuone.

Pakanakhala chipinda chogona chotchipa ndi posungira katundu, ndikanatsata mbava mumdima ine? Ndiye akamajambula mapulani awo afunse ife okwera minibasi za ku Karonga, osati ongodutsa pa galimoto yotseka magalasi.

Amayi anzanga, nyamukani ku Kyela dzuwa lili pamutu, mudutse pa mlatho, mulipire msonkho, lisiti musunge. Njira zachidule ayi ndithu. Komabe usiku ukakupezani, musalole katundu kukwera bwato lina inu lina, ndipo wopalasa akhale wodziwika kwawo mbali zonse ziwiri. Ine ndili naye wanga tsopano, mkulu wachinkhonde, sanandibereko ndi kansalu komwe.