Zimbale Zikufera Pakati: Chowotchera CD Chabwino N'chiti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amasunga nyimbo za kwaya yawo pa kompyuta. Akuti pa zimbale khumi zimene anayesa kuwotcha, zinayi zinafera pakati, kompyuta n'kungolemba kuti "buffer underrun". Tsopano akufuna kugula chowotchera china, ndipo funso lawo ndi lakuti: "Pabokosi lina alemba 52x, lina BURN-Proof, lina JustLink. Ndisankhe chiti kuti ndisatayenso zimbale?"

Mayi, pepani chifukwa cha zimbale zinayizo. Zimawawa kudikirira mpaka nyimbo yachisanu ndi chitatu kenako zonse n'kupita m'madzi. Musanatulutse ndalama, tiyeni tione kaye chimene chimapha chimbale, chifukwa mukachimvetsa, zolembedwa pabokosi zija sizikuzunguzaninso.

Pa CD-R, chimbale chimene mumawotcha ulendo umodzi basi, pali kanjira kamodzi kokha kozungulira ngati nkhata, koyambira pakati kulowera m'mphepete, kotalika makilomita opitirira 5. Kuwala kwa laser kumatsata kanjirako n'kumawotcha utoto wopyapyala umene uli m'kati mwa chimbale. Pamene pawotchedwa pawotchedwa basi, sipafufutika. Zowotchera zakale zikayamba ulendowu sizinkatha kuima n'kudzapitiriza pomwe zinalekezera. Chimbale chikuzungulira, laser ikuyaka, ndiye kuti kompyuta iyenera kumatumiza deta mosadukiza.

Koma kompyuta imakhala ndi zochita zambiri. N'chifukwa chake m'chowotchera muli kankhokwe kotchedwa buffer, nthawi zambiri ka 2 MB. Kompyuta imathira m'kankhokwemo, laser n'kumatapa. Kompyuta ikacheukira kwina pang'ono, laser imadya zimene zasungidwa. Zikatha kompyuta isanabwerere, ndiye buffer underrun imeneyo: laser yasowa cholemba, chimbale chafa.

Apa m'pamene liwiro limalowera, ndipo ambiri sapaganizira. Liwiro la 1x ndi 150 KB pa sekondi, choncho buffer ya 2 MB ingapirire masekondi pafupifupi 13. Pa 16x siyikwana ndi sekondi imodzi yomwe. Pa 48x, ndi kuphethira kwa diso. Zowotchera zitayamba kuthamanga, kungokulitsa kankhokwe sikukanathetsa vutoli.

Yankho linabwera cha m'ma 2000, kampani ya Sanyo itatulutsa BURN-Proof. Chowotchera chimayang'anira kankhokwe kaja. Chikaona kuti katsala pang'ono kuuma, chimazimitsa laser mwadongosolo n'kusunga malo enieni amene chalekezera. Kankhokwe kakadzaza, chimawerenga zomwe chinalemba kale, n'kupeza mapeto aja, n'kulumikiza. Pamfundopo pamatsala kampata kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, ndipo njira yokonzera zolakwika imene CD iliyonse ili nayo imakakwirira moti khutu silimva kanthu. Makampani ena anatulukira njira zawo n'kuzipatsa mayina awo: Ricoh inati JustLink, Yamaha SafeBurn, Philips Seamless Link, Lite-On SMART-BURN. Mayina ndi ambiri koma ntchito yaikulu ndi imodzimodzi. Musavutike kuwayerekeza. Chowotchera chilichonse chatsopano chili ndi chitetezochi, ngakhale zija zowotcha DVD, zomwe zimawotchanso CD bwinobwino.

Zimenezi zikundipatsa maganizo awiri pa vuto lanu. Mwina chowotchera chanu n'chakale kwambiri moti chilibe chitetezo, kapena chili nacho koma n'chozimitsidwa m'pulogalamu yowotchera. Tsegulani pulogalamu yanu, kaya ndi Nero kaya ImgBurn, muone ngati pali kabokosi kosachonga pamene akunena za buffer underrun. Mwina simufunika kugula kanthu.

Ngati mugulabe, 52x isakukopeni. Manambala ngati 52x32x52 amatanthauza liwiro lowotchera CD-R, lolembanso CD-RW (chimbale chofufutika n'kulembedwanso), ndi lowerengera. Komanso 52x imeneyo imafikidwa cha kumphepete kwa chimbale kokha, pakati chimayamba pang'onopang'ono. Chimbale chodzaza cha 700 MB chimatenga mphindi pafupifupi zisanu pa 16x, pomwe pa 52x chimatenga ziwiri ndi theka kapena zitatu. Ine sindingaike nyimbo za kwaya pachiswe chifukwa cha mphindi ziwiri. Chofunika kuyang'ana ndi kalumikizidwe. Chowotchera chakunja chikhale pa USB 2.0 kapena yoposa apo, chifukwa USB 1.1 yakale imangodutsitsa 12 Mbit pa sekondi, ndipo kankhokwe kamauma msanga. Zowotchera zopyapyala zodya magetsi a USB zina zimabwera ndi chingwe cha mitu iwiri. Lowetsani mitu yonse iwiri pa kompyuta penipeni, magetsi akachepa nazonso zimafooka pakati pa ntchito. Ngati kompyuta yanu ndi yakale ya zingwe zotambalala za IDE, onetsetsani kuti DMA, njira yodutsitsira deta popanda kudzera m'purosesa, ndi yoyatsa, apo ayi purosesa imasenza yokha deta yonse n'kulema.

Tsono mawu amene ndikufuna muwasunge kwambiri ndi awa. Chitetezo chija chimapulumutsa chimbale, koma sichichiritsa chimene chikuchedwetsa deta. Kankhokwe kakamauma kawirikawiri, chimbale chimatuluka ndi mfundo zambirimbiri, ndipo kuwotcha kumatenga nthawi kuposa mukanasankha liwiro lochepa pachiyambi. Kompyuta yatsopano ingawerenge chimbale chotere popanda dandaulo, koma wailesi yakale kapena ya m'galimoto imafuna chimbale chowotchedwa mwaudongo, ndipo nyimbo zanu zikaseweredwa m'mawailesi osiyanasiyana amene inu simudzawaona. Choncho kopani kaye nyimbo zonse pa hard disk, osawotcha kuchokera pa fulashi kapena pa CD ina mwachindunji. Ngati ndi MP3, lolani pulogalamu ipange kaye fayilo imodzi ya chimbale chonse (image) pa hard disk, kuti isamasandutse nyimbo uku ikuwotcha. Tsekani mapulogalamu ena, sankhani 16x, ndipo kompyuta muisiye mpaka itatha.

Pali chinthu chimodzi chimene chitetezo chilichonse sichingakonze: chimbale chopanda pake. Utoto ukakhala wosayalidwa bwino, chimbale chimatha kuwotcheka mpaka kumapeto koma n'kumadumphadumpha poimba. Gulani zochepa kaye za mtundu umodzi, muyese, zikakomera chowotchera chanu mukhazikike pa zomwezo. Pa nyimbo, gwiritsani ntchito CD-R, chifukwa mawailesi ambiri akale sawerenga CD-RW. Ndipo pomaliza kuwotcha muuze pulogalamu itseke chimbale, chifukwa chosatseka wailesi ingachikane ngakhale zonse zitalowa bwino.

Mukayesa chimbale choyamba pa 16x, yang'anani kamzere koonetsa buffer m'pulogalamu. Kakamakhala kodzaza mpaka kumapeto, vuto latha. Kakamatsikatsika, ndilembereninso, munditchulire mtundu wa kompyuta yanu ndi pomwe nyimbozo zikuchokera.