Funsani za Gofu: Ndikonzeke bwanji kusewera bwalo lonse?

FUNSO: Ndimakhala pa boma la Dedza. Kumenya mpira ndaphunzira, koma sindinasewerepo bwalo lathunthu la maenje 18. Ndipite kuti, ndipo ndikonzeke motani? Wowerenga wanu, Dedza.

YANKHO: Zikomo owerenga athu. Kuchokera kwanuko, pitani ku Lilongwe Golf Club, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Bwaloli lili ndi maenje 18 ndipo mitengo ndi yambiri, moti mpira wokhota umavutitsa. Imbani foni kaye kuti mudziwe nthawi ndi malipiro a alendo.

Maenje 18 amadya maola anayi kapena kupitirira, mukuyenda wapansi makilomita oposa 6. Tengani madzi okwanira, chipewa ndi mipira yosachepera 8. Ndodo zisapitirire 14, ndilo lamulo.

Chimene chimagwetsa ongoyamba kumene ndi kufuna kumenya patali. Munthu akatulutsa driver, ndodo yomenyera patali, n'kukunga mapewa, mpira umapotokera m'mitengo. Ife tikuti yambirani pa tee (malo oyambira kumenya) yakutsogolo, mumenye ndi ndodo zofupikirapo za 7-iron kapena hybrid. Kulibwino mamita 120 olunjika kusiyana ndi 200 othera m'tchire.

Mpira ukasowa, kufunafuna ndi mphindi 3 basi. Mukakayika kuti wasowa, menyeranitu wina wa provisional (wogwiritsa ntchito woyambawo ukapanda kupezeka) musanachoke pomwe mwaima, mutauza anzanu. Mukamenya kasanu ndi katatu osalowetsa, tolani mpira, ena akudikira kumbuyo.

Tengani caddie (wonyamula ndodo), amalidziwa bwalo ngati khomo lake. Pa green (kapinga wosalala wozungulira dzenje) musaponde njira ya mpira wa mnzanu, ndipo mpira ukalunjika kwa anthu, achenjezeni pofuula kuti "Fore!"