Iwo ajambula, iwe udinda, likagwa denga ndiwe

Achimwene, mwandikanda pachilonda. Zoti kampani ya kunja yojambula mapulani a nyumba ikufuna mukhale wowaimira kuno zija, ine ndinazilawa, ndipo mpaka lero mvula ikayamba usiku tulo timandithawa.

Ndinamaliza pa Poly isanasanduke MUBAS, ndinakhala zaka zinayi ku Johannesburg ndikujambula zimbudzi ndi masitepe a nyumba za eni ake ngati wophunzira ntchito (candidate) pansi pa SACAP, bungwe lolembetsa ojambula nyumba ku South Africa, kenako ndinabwerera kudzalembetsa kuno. Ndiye atabwera anthu ena a ku London ndi ntchito ya nyumba ya maofesi ku Lilongwe, ndinati basi, Mulungu wayankha. Iwo ajambule mapulani, ine ndidinde dzina langa, ndipititse ku khonsolo, ndiziyang'anira saiti. Pa Zoom ankanditchula kuti patinala. Papepala mawu amenewo munalibe.

Mapulani atafika ndinaona denga lafulati, mapaipi otsitsa madzi anayi okha, ang'onoang'ono, obisidwa m'khoma kuti nyumba izioneka bwino pachithunzi. Ndinawauza kuti mvula ya Januwale kuno si mawawa a kwawo aja. Akuti injiniya wawo anawerengera kale. Ndinanena pafoni, pakamwa pokha, imelo osalemba. Ndinadzipha ndekha pamenepo.

Tsiku lake linali Loweruka. 5 koloko m'mawa folomani akuimba, "Bwana, bwerani msanga, siling'i yagwa." Ndinafika ndi patapata kumapazi, malaya ogonera ndisanavule. Madzi akutsika pamasitepe ngati Lingadzi wasefukira, siling'i ya chipinda cha misonkhano ili pansi phalaphala, mawaya a magetsi ali lendelende, makabati atsopano afufuma onse. Mwini nyumba anaima pakati pa nyumba yake atafunda ambulera, osayankhula, akungondiyang'ana. Anyamata a kontirakitala akukokolola madzi ndi mafosholo, wina akuseka chamumtima, ndinamuona. Ndinakwera padenga, madzi ofika m'mawondo, ndikupisa dzanja m'paipi kuchotsa masamba ngati kuti zithandiza kanthu.

Lolemba tinaika laputopu pamatumba a simenti kuti tiyankhule nawo pa Zoom. Mkulu wa ku London uja, kapu ya khofi m'manja, anati pulani ilibe vuto, vuto ndi kayang'aniridwe ka pa saiti. Ine pakamwa yasa. Mwini nyumba anangotambasula pulani ya ku khonsolo nkuloza pakona: dzina langa, nambala yanga, siginecha yanga. Dzina lawo linali kachizindikiro chabe pamwamba.

Ndipo musamve, iwo ankalandira mapaundi, ine makwacha. Gawo lomaliza la malipiro anga analigwira, ndipo mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ngakhale akanandipatsa zinali zitasanduka za tomato. Lero pitani pa webusaiti yawo, nyumba ija ilipo, anaijambula m'chilimwe kumwamba kuli mbee, akuti umboni wa ntchito yawo mu Africa. Dzina langa mulibe ngakhale pansi penipeni pomwe amalemba wojambula zithunzi. Anthu opanda manyazi! Anabwera kuno kawiri kokha, ulendo wachiwiriwo theka lake anathera ku nyanja.

Mugulu lathu lino la ojambula nyumba timakonda kutchula Francis Kéré, kuti taonani mwana wa ku Burkina Faso, anayamba ndi ukalipentala, lero ofesi ili ku Berlin, 2022 anatenga Pritzker, mphoto yaikulu ya ojambula nyumba. Zoona. Koma sukulu ya ku Gando ija ya 2001 anaijambula yekha akadali wophunzira, ndalama anapemphetsa yekha, ndipo dzina lili pamenepo ndi lake. Mariam Issoufou wa ku Niger anayamba ndi za makompyuta, koma atalowa ntchito ino anatsegula yake ku Niamey. Sanakwere podinda za ena.

Ndiye ine ndikuti musadinde chomwe simunajambule, zivute zitani. Komabe musawakane msanga, chifukwa mukangokhala phee kuno muzajambula mipanda ndi ma boys' quarter mpaka imvi. Revit, pulogalamu yojambulira nyumba pakompyuta, ndinaidziwira kwa anthu omwewo, kalembedwe ka specification (tsatanetsatane wa zipangizo ndi kamangidwe) chimodzimodzi, ndipo si onse akuba: onani zomwe a MASS Design Group anamanga pa chipatala cha Kasungu mu 2015, malo odikirira amayi oyembekezera aja, madenga ake amadziwa kuti kuno kumagwa mvula. Pitani, koma malipiro akhale m'madola, inshuwalansi yawo ikuphimbeni ndi inu, dzina lanu lilembedwe m'kontirakiti kuti lizituluka paliponse nyumbayo ikatchulidwa, ndipo chilichonse chomwe mwakana chipite pa imelo tsiku lomwelo. Ineyo pano ndikukambirana ndi ena a ku Nairobi, akazi anga akuti sindimva. Mapulani a kampani yanuyo akafika, poyamba werengani mapaipi.