MIT, GPL kapena ina? Kuyankha amene wafunsa za laisensi ya laibulale yake

Mmodzi wa inu wanditumizira imelo. Walemba laibulale yaing'ono (khodi imene ena amaiika m'mapulogalamu awo) yothandiza mapulogalamu kuwerenga mafayilo a CSV (mafayilo osunga matebulo a deta), ndipo akufuna kuiika pa GitHub, webusaiti imene anthu amasungirapo ndi kugawana khodi. Akuti: "Ndikufuna anthu ambiri aigwiritse ntchito, koma mtima ukundiwawa ndikaganiza kuti kampani ina idzaitenga, kuikonza, n'kumadyerapo osabweza kanthu. Ndisankhe MIT kapena GPL? Kapena ndiisiye kaye yopanda laisensi?"

Ndiyambire kumapeto kwa funso lanu. Musaisiye yopanda laisensi. M'mayiko ambiri, chimene mwalemba chimakhala chanu kuyambira pomwe mwachilemba, ndipo wina sangachikopere, kuchisintha kapena kuchigawa popanda chilolezo chanu. Pa GitHub anthu akhoza kuona khodi yanu n'kupanga fork (kope lawo pa GitHub pomwepo), basi. Wosamala akapeza kuti mulibe fayilo ya LICENSE, amangodutsa.

MIT ndi yaifupi, siidzaza ngakhale tsamba limodzi. Imalola aliyense kuchita chilichonse ndi khodi yanu, bola asachotse mawu osonyeza mwiniwake ndi mawu a laisensiyo. Choncho chimene mukuopacho, MIT imachiloleza poyera. BSD nayo ndi chimodzimodzi. Apache 2.0, yomwe inatuluka mu 2004, ndi ya gulu lomweli, koma imawonjezera chinthu chimene ndimachikonda: aliyense woperekapo khodi amaperekanso chilolezo cha mapatenti ake (umwini wa mwalamulo pa zimene anatulukira) okhudza khodiyo. Nkhani ya mapatenti si yaing'ono. Mu 2017 bungwe la Apache Software Foundation linaletsa mapulojekiti ake kugwiritsa ntchito khodi yokhala ndi mawu a patenti amene Facebook inaphatika pa laisensi ya BSD, ndipo pasanathe miyezi itatu Facebook inasamutsira laibulale yake ya React ku MIT.

Tsopano GPL. Ambiri amaitenga ngati mpanda wotchinga anthu amalonda, koma sizili choncho. GPL siiletsa kugulitsa. Imangoti ukagawira anthu pulogalamu imene muli khodi ya GPL, uwapatsenso khodi ya pulogalamu yonseyo pansi pa GPL yomweyo. Mawu ofunika apa ndi oti "ukagawira". Kampani imene ikuyendetsa laibulale yanu pa maseva ake okha, osapatsa aliyense pulogalamuyo, ilibe nanu ngongole. AGPL, mtundu wina wa GPL wa mu 2007, ndiyo imatseka mpata umenewu, koma makampani ena, monga Google, amaletseratu antchito awo kuigwiritsa ntchito.

Komanso laibulale si pulogalamu yoima payokha, imakakhala m'kati mwa ntchito za anthu ena. Mukaiika pa GPL, ndiye kuti mukuwasankhira laisensi onse amene adzamangire pa khodi yanu. Richard Stallman mwiniwake, amene analemba GPL, anafotokoza mu 1999 kuti njira imeneyi imapindula ngati laibulale ikuchita zimene sizipezeka kwina, ndipo anapereka chitsanzo cha laibulale ya Readline. Koma laibulale ya C ya pulojekiti yake ya GNU anaiika pa LGPL, mtundu wofewa wa GPL, chifukwa ena ofanana nayo analipo kale ambiri. Ndiye dzifunseni mosadzinamiza: malaibulale owerenga CSV alipo angati? Ndi ochuluka. Yanu ikakhala ya GPL, anthu adzangotenga ya mnzanu, ndipo zokonza zimene mukulakalaka kubwezeredwazo sizidzakhalapo n'komwe.

LGPL imalola mapulogalamu obisa khodi kulumikizana ndi laibulale yanu, koma imafuna kuti wogwiritsa ntchito azitha kuchotsa laibulaleyo n'kuikapo ina yokonzedwa. M'zilankhulo ngati Go ndi Rust, zimene kawirikawiri zimamanga zonse kukhala fayilo imodzi, lamuloli limavuta kulitsata.

Ine nditakhala inu ndikanasankha MPL 2.0, ya Mozilla, imene inatuluka mu 2012 ndipo ndi imene Firefox imagwiritsa ntchito. Malire ake ali pa fayilo. Kampani ikhoza kuika laibulale yanu m'pulogalamu yake yogulitsa n'kubisa khodi yakeyake, koma ikasintha mafayilo anu n'kugawira anthu, iyenera kuonetsa zimene yasinthazo pansi pa MPL. Sikuti idzakulipirani, ndipo palibe laisensi ya open source (yolola aliyense kuona, kusintha ndi kugawa khodi) imene ingaikakamize kutero. Koma zokonza pa ntchito yanu sizidzabisika, ndipo ndikamawerenganso imelo yanu ndikuona kuti chokupwetekani kwenikweni n'chimenecho. Ngati mutaganiza bwino mupeza kuti chachikulu kwa inu ndi kufala kwa laibulaleyo, tengani Apache 2.0 ndi mtima umodzi. Mungodziwa kuti siiyenderana ndi GPL 2, imayenderana ndi GPL 3.

Chonde musalembe laisensi yanuyanu, ndipo musawonjezere chiganizo choti "osagwiritsa ntchito pa malonda". Malinga ndi tanthauzo la bungwe la Open Source Initiative, laisensi yosankha ntchito zimene khodi ingagwire si ya open source. Wolemba mapulogalamu Douglas Crockford anawonjezera chiganizo chimodzi chokha pa MIT, choti pulogalamu yake igwiritsidwe ntchito pa zabwino osati zoipa, ndipo chinasautsa maloya ndi mapulojekiti kwa zaka zambiri, poti palibe amene akanatha kunena malire a zoipazo.

Ndikukufulumizani chifukwa lero khodi yonse ndi yanu, ndipo mungasankhe nokha. Mawa munthu akatumiza zokonza inu n'kuzilandira, mizere imeneyo ndi yake, ndipo kusintha laisensi kudzafuna kuti naye avomere. Eni ake a OpenSSL, laibulale yoteteza mauthenga pa intaneti, atafuna kusintha laisensi anayamba kufunafuna anthu onse amene anaperekapo khodi mu 2017, ndipo laisensi ya Apache 2.0 inadzafika ndi OpenSSL 3.0 mu 2021.

Musanaike chilichonse pa GitHub, onani malaisensi a malaibulale ena amene yanu ikudalira, chifukwa imodzi ikakhala ya GPL, zosankha zanu zachepa kale. Ngati muli pa ntchito yolembedwa, werenganinso kontirakiti yanu: ena amati khodi imene mwalemba pa nthawi ya ntchito kapena pa kompyuta ya kuntchito ndi ya abwana. Zikakhala bwino, koperani mawu onse a laisensiyo osasintha chilembo, muwaike m'fayilo ya LICENSE, ndipo pamwamba pa fayilo iliyonse ya khodi muikepo mawu achidule amene MPL inapereka osonyeza kuti fayiloyo ili pansi pake.