Achimwene, bondo limenelo musalimezere mapilitsi

Mwafunsa m'gulu muno za bondo lomwe likukuvutani pothamanga. Likupweteka potsika masitepe, komanso mukakhalitsa m'minibasi mwendo uli chopinda? Achimwene, ndi lomwelo linandivuta ine!

Ine linandigwira tikukonzekera mpikisano wa ma Porters uja umachitika pa phiri la Mulanje. Amene ankadzitcha kochi wathu, sindiwatchula dzina poti mwina ali m'gulu momwemuno, ankatikweza phiri la Soche mbandakucha n'kutitsitsa chothamanga tsiku ndi tsiku. Ndikadandaula, iwo amvekere: "Mwamuna salira, meza indosidi." Munthu n'kumameza m'mimba muli gwaa.

Tsiku lina tikutsika, miyala ili ndi mame, ndinangomva ngati wina wandikhoma msomali kuseri kwa kafupa kapatsogolo pa bondo kaja. Mwendo unangoti lobodo, ine khu pansi. Anzanga anandidutsa mmodzimmodzi. Kochi uja anangocheuka n'kuti, "Utipeza kumunsi." Tangoganizani! Ndinatsika chokhwekhwereza matako, kabudula n'kung'ambika, mpaka mayi wina wotola nkhuni anandithyolera ndodo n'kundiperekeza pomwe pamaima a kabaza. Kunyumba nkhondo inali kuchimbudzi. Chathu n'chokumba, ndiye kunyonyomala kunali kosatheka, ndinkachita kugwira khoma thukuta lili kamukamu. Kochi uja sanandiimbire ndi foni yomwe, koma ndalama ya pamwezi anaitumira mwana kudzatenga. Mpaka lero ndikawaona akuimba wezulo pamsewu mtima umandiwawa.

A fizo kuchipatala, aja othandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi, ndi amene anandimasulira. Akuti minofu ya m'ntchafu ndi ya m'matako inali yofooka, ndiye potsika bondo limagwera mkati, kafupa kaja n'kumakhuzika molakwika. Anandipatsa zooneka zachibwana: kugona chammbali n'kumakweza mwendo, kugona chagada n'kumanyamula chiuno, kutsika pa sitepe imodzi pang'onopang'ono bondo litaloza kuchala chachiwiri cha phazi. Zinatenga miyezi, koma n'zimene zinandidzutsa.

Ndiye inu musasiyiretu kuthamanga ayi, kungokhala nakonso kumafooketsa mwendo. Siyani kaye zitunda ndi phula, pitani pa bwalo la mpira, muziponda mofupikitsa. Mtunda muziwonjezera pang'onopang'ono, ambiri amati osapitirira 10 peresenti pa sabata. Nsapato zothamangira zimatha mphamvu zikayenda makilomita 500 mpaka 800, ndiye za pa kaunjikazi mwini wake anazimaliza kale kwawo komweko. Komabe zatsopano mitengo yake mukuidziwa, inenso ndimavala zomwezo, ingozitembenuzani muone ngati chidendene sichinadyeke mbali imodzi.

Mukabwerako ikani ayezi wokulunga m'kansalu mphindi 15. Likavutitsa usiku, bufeni wa masiku awiri atatu sangakupheni, bola mutadya nsima kaye komanso ngati mulibe zilonda za m'mimba. Koma likatupa, likamatentha, kapena likamakana kuwongoka, musabwerenso kuno kudzafunsa ife, kwerani kabaza wa kuchipatala tsiku lomwelo.