Ntchito ya chaka chimodzi kapena ng'ombe ziwiri za amalume: yankho kwa mnyamata wa ku Ngabu

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa kufupi ndi ku Ngabu, yemwe wangomaliza kumene dipuloma ya zaulimi, ndipo wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Akuti bungwe lina lomwe si la boma lamuitana kuti akakhale mlangizi wa alimi kutsidya la kum'mawa kwa Shire kwa chaka chimodzi, pa malipiro ochepa, popanda lonjezo lakuti chakacho chikatha adzamusunga. Nthawi yomweyo amalume ake anena kuti agulitsa ng'ombe ziwiri kuti amupatse mpamba wogulira mbuzi ndi chitowe m'midzi, n'kumakagulitsa ku Blantyre. Kalatayo yatha motere: "Akuluakulu, anzanga akuti kulembedwa ntchito ndi ukapolo, pomwe amayi akuti ndikakana ndiye kuti fizi yawo inapita m'madzi. Nditani?"

Achimwene, ine maganizo anga ndi akuti mukalowe ntchitoyo, ndipo ng'ombe za amalume zikhale m'khola chaka chino. Sindikunena izi chifukwa chonyoza bizinesi, popeza inenso ndimadyera momwemo, koma chifukwa cha mmene chigwa chathu chino chimachitira ndi munthu amene chuma chake chonse chili m'matumba ndi m'khola.

Takumbukirani zaka zochepa zapitazi. Madzi anasefukira mu Januwale 2015, namondwe Idai anafika mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023. Pa nthawi ya namondwe Ana msewu wa M1 unaduka m'malo angapo, ndipo makina a magetsi a ku Kapichira anaima kwa nthawi yoposa chaka. Mphunzitsi wa ku Makhanga anavutika ngati wina aliyense, koma mwezi utatha malipiro ake analowa, pomwe wamalonda amene anaunjika matumba m'nyumba ya zidina anatsala ndi ngongole yokha. Kuno funso loyamba pa bizinesi si lakuti phindu lidzakhala lotani, koma lakuti madzi akabwera, amene adzasenze kutayako ndani. Kwa inu lero yankho ndi amalume anu, ndipo ndikukayika ngati iwo aliganizira bwino zimenezi.

Malonda a ziweto ali ndi vuto linanso lomwe ndinalilawa ndekha. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabukabuka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo akabuka boma limatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kutulutsa ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba m'deralo. Chaka china ndinagula mbuzi cha ku Bangula, galimoto nditapangana nayo kale, ndipo chiletso chinatuluka ndisanakweze ngakhale imodzi. Ndinazidyetsa masabata angapo, zina zinawonda, ziwiri zinafa, ndipo zotsalazo ndinagulitsa kwa ophera nyama a pamsika pa mtengo umene iwo anafuna. Ndinapulumuka chifukwa pa nthawiyo ndinali ndi kantchito kamene kankandipatsa ndiwo.

Tsono tiyeni tikambe za ng'ombezo, chifukwa mpamene pagona nkhani. Ng'ombe kwathu kuno ndi banki ya banja lonse: imalipira fizi, imagula chimanga m'chaka cha njala, imayendetsa maliro ndi maukwati. Ilinso ndi khalidwe limene kwacha ilibe. Ndalama yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anasunga ndalama pansi pa pilo anadzuka atasauka, koma mwini ng'ombe anangokweza mtengo, ndipo ngati inali yaikazi inamuberekera thole. Mukazigulitsa lero, ndalamazo zidzayamba kusungunuka tsiku lomwelo, inu mukadali pophunzira kusiyanitsa chitowe chouma ndi chosakaniza mchenga. Onjezanipo kuti mpamba wochokera kwa wachibale umabwera ndi maso ambiri. Msuweni adzafuna ngongole, azakhali adzafuna thandizo la kuchipatala, ndipo mudzalephera kukana chifukwa aliyense akudziwa kuti ndalamazo zinachokera m'khola la banja.

Pali chinthu china chimene anzanu aja sanakuuzeni. Pa malonda ogula ndi kugulitsa mbuzi, dipuloma yanu siikupatsani mphamvu iliyonse. Pamsika wa Ngabu kapena wa Nchalo mudzapeza mavenda amene sanafike ngakhale Sitandade 8, koma akangogwira msana wa mbuzi amadziwa makilogalamu ake, amadziwa dalaivala wosakhulupirika, ndipo ali ndi makasitomala a ku Ndirande ndi ku Limbe a zaka zambirimbiri. Inu mudzalowa pakati pawo ngati mlendo, ndipo maphunzirowo mudzawalipira ndi ng'ombe za amalume. Bizinesi yoyenera munthu wophunzira zaulimi ndi imene imagulitsa nzeru zake pamodzi ndi katundu, monga nazale ya mbande, mbewu zovomerezeka, mankhwala a ziweto kapena kuika ndi kukonza mapampu a sola m'madimba.

Ndikutchula izi chifukwa cha ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira ndi thandizo la World Bank ndi African Development Bank, ndipo cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Ntchitoyo ikuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene tonse tinkafunira, koma alimi akusonkhanitsidwa m'makopaletivi, potengera chitsanzo cha alimi a nzimbe a ku Phata, ndipo makopaletivi otere amafuna anthu odziwa nthaka, madzi ndi kusunga mabuku. Amene adzapindule ndi iye amene alimi akumudziwa kale nkhope ndi khalidwe.

Apa mpamene ntchito ya ulangizi ija ikulipira koposa zimene zalembedwa pa kalata yanu. Chaka chimodzi choyenda pa njinga yamoto ku Livunzu, ku Masenjere ndi ku Muona chidzakuonetsani amene amalima chitowe chambiri, mwezi umene alimi amagulitsa mothinidwa, mmene ogula amabera pa sikelo, ndi chimene anthu amasowa mpaka kuwoloka Shire kukachifuna. Zonsezi mudzaziphunzira wina akukulipirani mafuta. Mudzatulukanso ndi kalata yosonyeza kuti munagwirapo ntchito, imene olemba ntchito amaifuna ngakhale kwa munthu wongochoka kumene ku koleji. Musanasaine, funsani za penshoni, chifukwa lamulo limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti, ndipo ngati munaphunzira pa ngongole ya boma, muikenso m'mawerengero anu kuti ngongoleyo iyenera kubwezedwa.

Anzanu akamati ntchito ndi ukapolo sakunama kwathunthu. Malipiro amatha pa 15, bwana amatha kukhala wovuta, ndipo kontilakiti ikatha mungabwerere pakhonde la amayi. Koma muwafunse kuti ndi angati mwa iwo amene anakanapo ntchito itawapeza. Ambiri ali pa bizinesi chifukwa makalata awo sanayankhidwe, ndipo ndi chifukwa chomwecho boma linayambitsa ndondomeko yotenga omaliza maphunziro kuti akaphunzire ntchito m'maofesi ake mu 2018. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Msika wa Ngabu udzakhalapo chaka chamawa, pomwe bungwelo mukachedwa kuyankha liitana wina.

Pamene muli pantchitopo, yesani malonda ndi ndalama zanu, zochepa zimene zikatayika simungalephere kugona. Gulani matumba awiri kapena mbuzi zitatu, ndipo mulembe m'kope chilichonse: mtengo wogulira, chiphaso cha pamsika, chilolezo cha alangizi a ziweto, thiransipoti yokwera zitunda za ku Thabwa, chakudya chanu cha panjira, ngakhale mayunitsi a foni. Dziwaninso kuti ogula mbewu amafunika chilolezo cha Unduna wa Zamalimidwe, undunawo umalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka, ndipo sikelo iyenera kukhala yovomerezedwa ndi Malawi Bureau of Standards. Kope limenelo lidutse chaka chathunthu, kuphatikiza Januwale, Febuluwale ndi Malichi, chifukwa phindu la mu Julayi limanamiza. Chenjezo langa ndi lakuti musagule kwa alimi amene mukuwalangiza, kapena kunyamula katundu wanu pa njinga ya bungwe, popeza zimenezo zachotsetsa ntchito anyamata ambiri ndi kuwaipitsira mbiri m'dera lomwe ankafuna kudzachitamo malonda.

Za ngongole ndinene mwachidule. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki ankabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Ngongole ya bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi nayonso imabwezedwa, si mphatso. Kwa munthu woyamba, banki m'khonde ndi yokwanira, ndipo katapila musamuyandikire n'komwe.

Ndikanakuyankhani mosiyana mukanandiuza kuti munakulira m'malonda amenewa, mwina mumathandiza amalume kuyambira muli ku sekondale, ndipo muli ndi wogula wodziwika amene amalipira katundu akangofika. Ndikanateronso ntchitoyo ikanakhala yosagwirizana ndi maphunziro anu, kapena malipiro ake akanakhala osakwanira lendi ndi chakudya. Kalata yanu sikunena chilichonse mwa zimenezi.

Amalume musawayankhe pa foni. Pitani nokha, mutenge amayi, muwathokoze monga mwa mwambo, ndipo muwapemphe kuti lonjezolo alisunge mpaka mudzabwere ndi kope lanu kontilakiti ikatha, kuti mudzawerengere limodzi ngati pakufunika ng'ombe ziwiri, imodzi, kapena ngati zonse zingakhale m'khola. Bungwelo muliyankhe sabata ino, ndipo mukafika kutsidyako mufufuze nyumba ya pamtunda mvula isanayambe.