Kwa mdzukulu wanga wofunsa za dothi la ku Lichenya

Mdzukulu wanga, wandifunsa ngati n'kulakwa kulandira ndalama kwa alendo amene akufuna kuti uwalondolere pamwamba pa phiri la Mulanje kukatapa dothi loti akaliyeze, ndipo wawonjezera kuti ife akuluakulu tikumana achinyamata ntchito chifukwa choopa mizimu. Ndikuyankha mosabisa, pakuti nkhaniyi ndinaipeza ili kale pakamwa pa makolo anga.

Dothi limene akufunalo amalitcha bauxite, ndipo katswiri wa miyala wa boma la atsamunda, Frank Dixey, analipeza ku Lichenya, pamwamba pa phirili, mu 1924. M'dothi limeneli ndimo mumachokera aluminiyamu, chitsulo chopepuka chosachita dzimbiri chimene amapangira mapoto ndi ndege. Pamafunika matani pafupifupi anayi a dothi kuti patuluke tani imodzi ya chitsulo, ndipo kusungunula kwake kumadya magetsi ochuluka zedi, pomwe ife magetsi ochokera pa mtsinje wa Shire satikwanira ndi kuunikira m'nyumba komwe. Chimenecho ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dothili lakhalira zaka 100 osakumbidwa.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi kakumbidwe kake. Bauxite sakhala pansi penipeni ngati malasha a ku Mchenga ku Rumphi. Amakhala pamwamba, choncho okumba amachita kusenda phiri, kuchotsa udzu, mitengo ndi nthaka yonse. Nthaka imeneyo ndiyo imamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'mitsinje ya Lichenya, Likhubula ndi Ruo, ngakhale m'chilimwe dzuwa likaswa mtengo. Madzi amenewo ndiwo amayi ako amatunga, ndiwo amathirira tiyi, ndipo a Likhubula amafika mpaka m'mipope ya ku Blantyre. Iwe unaona ndi maso ako mu Marichi 2023, nthawi ya Namondwe Freddy, m'mene napolo anatsikira ndi miyala yaikulu ngati nyumba n'kukwirira midzi. Ndikaganiza za phiri losendedwa pa mvula yotero, mtima wanga umachita mantha enieni.

Za mizimu usanyoze. Makolo anatiphunzitsa kukwera phiri mwaulemu ndi kusatenga chimene sitinapatsidwe, ndipo mwambo umenewo unasunga mkungudza ndi akasupe boma lisanaliike phirili m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1927. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, polilemba mu 2025 pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, linalemekeza chikhalidwe chomwecho cha Amang'anja, Ayao ndi Alomwe.

Migodi sindidana nayo, koma ufunse anzako a ku Karonga. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014 mitengo itagwa kunja, ndipo ambiri anabwerera kumudzi chimanjamanja kukadikira zaka zambiri.

Tsono alendo akowo uwalandire bwino, uwapatse mpando ndi madzi akumwa, koma usalandire ndalama zam'seri, ndipo usasaine pepala limene sunaliwerenge pamaso pa anthu. Uwafunse chiphaso cha boma chofufuzira miyala ndi chilolezo cha a zankhalango, kenako uwauze kuti kuno mlendo amayamba waonekera kwa a mfumu. Mawa m'mawa ubwere udzanditenge, tipite nawo limodzi kubwalo, ndipo funso la madzi ndikafunsa ndine.